N'chifukwa chiyani mabanja ena sachoka mu umphawi ngakhale amalimbikira ntchito?

Wowerenga wina wafunsa kuti: "Ndimathandiza pa ntchito zachitukuko m'dera la anthu osauka. Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti mabanja awiri akhoza kukhala moyandikana, onse n'kumalawirira m'mamawa kukagwira ntchito, koma pakatha zaka khumi lina limakhala litatukuka pomwe linalo likadali pomwe linali, mwinanso zinthu zitaipiraipira. Anzanga ena amati ndi ulesi, ena amati n'kuchuluka kwa ana, enanso amati n'kusaphunzira. Kodi kwenikweni chimene chimapanikiza banja mu umphawi n'chiyani?"

Pa zifukwa zimene anzanuwo atchula, ziwiri zili ndi mfundo ndipo ndizifotokoza, koma nkhani ya ulesi tiyeni tiichotse kaye. Anthu osauka ambiri amagwira ntchito yakalavulagaga, maola ochuluka kuposa munthu wa mu ofesi. Bungwe la ILO, lomwe limaona za ntchito padziko lonse, limanena kuti anthu pafupifupi 2 biliyoni, omwe ndi anthu 6 mwa 10 aliwonse ogwira ntchito, amapeza ndalama pa ntchito zosalembedwa monga maganyu, geni ndi ulimi wa pakhomo. Ntchito zoterezi zilibe malipiro a pamwezi, zilibe penshoni, ndipo tsiku limene munthu wadwala sapeza kalikonse. Thukuta limakhetsedwa lambiri, koma phindu lake ndi lochepa ndiponso losadalirika.

Mmene ndimaonera ine, chimene chimasiyanitsa mabanja awiri amene mwatchulawo ndi zinthu ziwiri zolumikizana. China ndi chimene banja lili nacho chopezera ndalama kupatula mikono yake. China ndi chimene banjalo limakakamizika kuchita tsiku limene vuto lagwa. Zina zonse, sukulu, ana, malo, misika, zimagwira ntchito kudzera pa ziwirizi.

Kuti zimveke bwino, tiyambe ndi mmene umphawi umayezedwera. Mu 1990, banki ya World Bank inkati munthu ali pa umphawi wadzaoneni ngati akukhalira ndalama zosakwana dola imodzi patsiku. Muyezowu unakwezedwa kufika pa madola 1.90 mu 2015, madola 2.15 mu 2022, ndi madola 3 mu 2025, potsatira kukwera kwa mitengo. Poyeza ndi madola 2.15, anthu pafupifupi 38 pa 100 aliwonse padziko lapansi anali pa umphawi wadzaoneni mu 1990, ndipo pofika mu 2019 anali atatsika kufika pa osakwana 10 pa 100 aliwonse. Kutsika kwakukulu kunachitika ku China, kumene anthu pafupifupi 800 miliyoni anachoka mu umphawi wotere m'zaka makumi anayi. Manambalawa ndi othandiza, koma amabisa chinthu chimodzi chofunika kwambiri pa funso lanu. Amatiuza kuchuluka kwa osauka, koma satiuza kuti osauka a chaka chino si onse amene anali osauka zaka zisanu zapitazo.

Katswiri wina, Anirudh Krishna wa ku yunivesite ya Duke, anatsatira mbiri ya mabanja masauzande ambiri m'midzi ya ku India, Kenya, Uganda ndi Peru. Ankafunsa anthu a m'mudzimo kuti afotokoze okha mabanja amene anakwera ndi amene anatsika, ndiponso chimene chinachititsa. Anapeza kuti m'mudzi umodzi womwewo, pamene mabanja ena akutuluka mu umphawi, ena amakhala akulowamo, ndipo ena ochuluka ndithu mwa osaukawo sanabadwe osauka. Chimene chinagwetsa mabanja ambiri kuposa china chilichonse chinali matenda ndi ndalama zolipirira chithandizo. Maliro, ngongole za katapila ndi chilala zinkabwera pambuyo. Choncho ntchito yachitukuko imene imangoganizira zotulutsa anthu mu umphawi, osatseka njira zimene ena akulowera, ili ngati kutungira madzi m'chidebe chodontha.

Tiyeni tione mmene zimachitikira pakhomo. Tiyerekeze kuti pali banja limene mayi amagulitsa malonda ang'onoang'ono, bambo ali ndi njinga yonyamulira katundu wa anthu, ndipo kukhola kuli mbuzi zitatu. Banjali si lolemera, koma likudya ndipo ana akupita kusukulu. Kenako bambo adwala matenda otenga miyezi. Ndalama za njinga zimaima tsiku lomwelo. Mayi amasiya malonda kuti akadwazike mwamuna wawo kuchipatala, ndiye kuti njira zonse ziwiri zopezera ndalama zatsekeka nthawi imodzi. Ngakhale chipatalacho chikhale chaulere, pamafunika ndalama zoyendera, zogulira chakudya cha wodwazika, ndiponso zogulira mankhwala amene kuchipatalako atha. Mpamba wa malonda ndi umene umayamba kudyedwa. Kenako mbuzi zimagulitsidwa, ndipo zimapita motchipa chifukwa wogula akudziwa kuti wogulitsayo wapanikizika. Kenako amapita kwa wakatapila, njinga n'kukhala chikole. Mwana wamkazi wamkulu amasiya sukulu kuti aziphikira abale ake. Bambo akachira amapeza kuti njinga palibe, mbuzi palibe, ngongole ikuberekana, ndipo chimene chatsala n'kukagwira ganyu kwa anthu ena. Banja loyandikana nalo, limene linali chimodzimodzi chaka chapitacho, silinaposepo nzeru kapena khama. Matendawo sanagwe pakhomo pawo, kapena atagwa panali mbale wa pantchito amene anatumiza ndalama, mbuzi n'kupulumuka. Lipoti la mu 2017 la World Bank ndi WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, linanena kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 100 miliyoni amagwera mu umphawi wadzaoneni chifukwa cholipira chithandizo chamankhwala kuchokera m'thumba mwawo.

Chopweteka kwambiri pa nkhaniyi n'chakuti banja silimangotaya ndalama, limataya chimene chimabweretsa ndalama. Ndipo kubwezeretsa chinthu choterocho n'kovuta kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa katundu wopindulitsa sagulidwa pang'onopang'ono. Palibe amene amagula theka la ng'ombe kapena theka la makina osokera. Munthu amene amapeza zongokwanira chakudya cha tsikulo sangasunge ndalama mpaka zikwane, chifukwa asanafike pakati vuto lina limakhala litagogoda pakhomo.

Bungwe la BRAC la ku Bangladesh linazindikira zimenezi ndipo mu 2002 linayamba pulogalamu yothandiza mabanja osaukitsitsa. Banja linkapatsidwa chinthu chachikulu chopindulitsa, kawirikawiri ng'ombe kapena mbuzi, pamodzi ndi maphunziro a kasamalidwe kake, ndalama zochepa zodyera kwa miyezi ingapo kuti lisagulitse chiwetocho, malo osungira ndalama, ndiponso mlangizi woliyendera pafupipafupi. Njira imeneyi inayesedwa ku Ethiopia, Ghana, Honduras, India, Pakistan ndi Peru, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2015. M'mayiko ambiri mwa amenewa, mabanja anapitiriza kudya bwino ndi kukhala ndi katundu wochuluka ngakhale patapita chaka chathunthu thandizo litasiya. Ku Honduras zinthu sizinayende, chifukwa nkhuku zambiri zimene anthu anapatsidwa zinafa ndi matenda. Ndimakonda kutchula za ku Honduras chifukwa zimasonyeza kuti chiweto pachokha si mankhwala a umphawi, pamafunikanso chochiteteza. Akatswiri ena atatsatira mabanja a ku Bangladesh kwa zaka zambiri anapezanso kuti pali malire. Mabanja amene katundu wawo, kuphatikiza ng'ombeyo, anadutsa pa mlingo winawake anapitiriza kukwera, pomwe amene anatsala pang'ono kufika pa mlingowo anabwerera pansi pang'onopang'ono. Kusiyana kwake kunali kochepa, monga kukhala ndi khola kapena ngolo, koma patapita zaka mabanjawo anali atasiyana kwambiri.

Mwina mungafunse kuti bwanji osangowapatsa ngongole. Ngongole zing'onozing'ono zinatchuka kwambiri, makamaka Muhammad Yunus wa ku Bangladesh ndi banki yake yokongoza osauka ya Grameen atalandira mphotho ya Nobel ya mtendere mu 2006. Koma kafukufuku amene anachitika m'mayiko asanu ndi limodzi, yemwe anasindikizidwa mu 2015, anasonyeza kuti ngongolezi zimathandiza mabizinesi ena kukula, koma sizisintha kwenikweni moyo wa banja wamba losauka. Zimathandiza kwambiri amene anali kale ndi bizinesi yoyenda. Kwa munthu amene alibe poyambira, ngongole imene kubweza kwake kumayamba pakangotha sabata imodzi kapena ziwiri imamuwonjezera nkhawa, ndipo vuto likagwa imamutengera katundu amene anali naye. Ine sindilimbikitsa kupereka ngongole kwa banja limene silikudziwa chimene lidye mawa.

Palinso nkhani ya nthawi imene ndalama zimabwera. Alimi ang'onoang'ono ambiri amagulitsa zokolola atangokolola kumene, pamene mitengo yatsikiratu, chifukwa fizi, ngongole ndi zofunika zina zikudikira. Pakapita miyezi ingapo amakagulanso chakudya chomwecho pa mtengo wokwera. Akudziwa bwinobwino kuti akuluza, koma alibe pothawira. Ku Kenya, ofufuza anapereka ngongole kwa alimi nthawi yokolola kuti asunge mbewu zawo n'kudzagulitsa mitengo itakwera, ndipo alimiwo anapeza phindu lochulukirapo. Apa ngongole inathandiza chifukwa inabwera pa nthawi yake, kwa anthu amene anali ndi chogulitsa. Osauka amaluzanso pogula. Amagula zinthu zochepazochepa tsiku ndi tsiku, zimene zimakwera mtengo kuposa kupikula, ndipo m'mizinda yambiri banja lopanda mpopi limalipira ndalama zambiri pa chidebe cha madzi kuposa banja limene lili ndi mpopi m'nyumba.

Tibwere ku nkhani ya ana imene anzanu anatchula. N'zoona kuti mabanja aakulu amakhala osauka kawirikawiri, ndipo pafupifupi theka la anthu amene ali pa umphawi wadzaoneni padziko lonse ndi ana. Koma chofunika kuwerenga si kuchuluka kwa anthu pakhomo chabe, ndi kuchuluka kwa odya poyerekeza ndi opeza. Banja la anthu asanu ndi atatu limene anayi akugwira ntchito likhoza kukhala bwino kuposa agogo amene akulera okha adzukulu atatu. Komanso umphawi womwewo umachititsa kuti anthu abereke ana ambiri. Kumene ana amamwalira ali aang'ono, kumene kulibe penshoni ndipo ana ndi amene adzasamale makolo akakalamba, kumene atsikana amakwatiwa ali achichepere chifukwa sukulu yawakanika, ana amachuluka. M'mayiko ambiri, chiwerengero cha ana pa banja chinatsika imfa za ana zitachepa, atsikana atayamba kukhalitsa pasukulu, ndiponso njira zakulera zitayamba kupezeka pafupi. Kudzudzula makolo sikunatsitsepo chiwerengerochi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa ana ndi masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi watenga pakati mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Mwana amene sadya mokwanira nthawi imeneyi, kapena amene amatsekula m'mimba pafupipafupi chifukwa cha madzi oipa, amapinimbira, ndipo kupinimbirako kumakhudzanso ubongo. Padziko lonse ana pafupifupi 150 miliyoni osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Mwana wotere amachedwa kuyamba sukulu, amavutika kumva za m'kalasi, ndipo akakula amapeza zochepa. Umu ndi mmene chaka chimodzi cha njala chimalowera m'moyo wa m'badwo wotsatira. Koma si zosatheka kukonza. Ku Jamaica, ana opinimbira amene ankayenderedwa sabata iliyonse ndi alangizi ophunzitsa amayi kusewera ndi kulankhula nawo, patapita zaka makumi awiri ankapeza ndalama zochuluka ndi pafupifupi 25 pa 100 kuposa anzawo amene sanayenderedwe.

Sukulu ndi yofunika, palibe wotsutsa. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri amasonyeza kuti chaka chilichonse chowonjezera pasukulu chimakweza malipiro a munthu ndi pafupifupi 9 kapena 10 pa 100. Mayi wophunzira amapititsa ana kusikelo, amawerenga malangizo a mankhwala, ndipo savomera msanga kuponderezedwa pamsika. Koma kulembetsa mwana kusukulu n'kosiyana ndi kuphunzira. Mu 2022, World Bank ndi mabungwe ena anayerekeza kuti ana 7 mwa 10 aliwonse a zaka khumi m'mayiko osauka ndi apakatikati sangathe kuwerenga ndi kumva nkhani yosavuta. Kholo losauka limaona zimenezi. Likaona kuti mwana wakhala zaka zisanu pasukulu koma sakutha kuwerenga kalata, ndiponso kuti mnyamata wa nyumba yoyandikana nayo anamaliza sekondale koma ali pakhomo, limayamba kuwerengera ndalama za yunifolomu ndi makope, ndiponso ntchito imene mwanayo akanathandiza. Kumuchotsa pasukulu n'kulakwitsa, koma si umbuli, n'kupanikizika. N'chifukwa chake boma la Mexico mu 1997 linayamba pulogalamu ya Progresa, yopereka ndalama kwa amayi ngati ana akupita kusukulu ndi kuchipatala, ndipo ndalama za atsikana a kusekondale zinali zochulukirapo kuposa za anyamata. Brazil inayamba yake, ya Bolsa Família, mu 2003.

Nkhani ya amayi imafunika kuiona mosamala. Anthu amakonda kunena kuti mabanja otsogoleredwa ndi amayi ndi osauka, koma mabanjawa si ofanana. Mayi amene mwamuna wake ali kutali pantchito ndipo amatumiza ndalama akhoza kukhala bwino kuposa anzake. Mayi wamasiye amene achibale a mwamuna amulanda munda ndi katundu, kapena amene banja linatha n'kusiyiridwa ana popanda chithandizo, ali pa moto weniweni. Chimene chimasiyanitsa ndi ufulu pa malo ndi pa ndalama, ndiponso nthawi. Maola amene mayi amathera potunga madzi, kutola nkhuni ndi kudwazika odwala ndi maola amene sangachite geni. Ku Kenya, njira yotumizira ndalama pafoni ya M-Pesa itayamba mu 2007, kafukufuku wa mu 2016 anayerekeza kuti inathandiza mabanja pafupifupi 194,000 kuchoka mu umphawi wadzaoneni, ndipo amene anapindula kwambiri anali mabanja otsogoleredwa ndi amayi. Chifukwa chimodzi n'chakuti vuto likagwa, thandizo lochokera kwa achibale akutali linkafika tsiku lomwelo, banja lisanagulitse katundu.

Achibale amenewa ndi inshuwalansi yaikulu ya osauka, koma ali ndi mtengo wake. Amene wangoyamba kupeza bwino amayembekezeredwa kuthandiza onse, ndipo mpamba ukhoza kutha usanakule. Komanso chilala kapena kusefukira kwa madzi kukagwa, onse amavutika nthawi imodzi ndipo palibe wothandiza mnzake.

Pali zina zimene banja silingathe kuzisintha ngakhale litalimbikira bwanji. Anthu pafupifupi 4 mwa 5 aliwonse amene ali pa umphawi wadzaoneni amakhala kumidzi. Kumene msewu suyendeka nthawi yamvula, ogula mbewu amabwera ochepa ndipo iwo ndi amene amatchula mtengo, mphunzitsi ndi namwino safuna kukhalako, ndipo mayi woyembekezera amafika kuchipatala mochedwa. Mitengo ya chakudya ikakwera, osauka ndi amene amapwetekeka kwambiri chifukwa ndalama zawo zambiri zimathera pa chakudya. Amartya Sen, amene analandira mphotho ya Nobel ya zachuma mu 1998, anafufuza za njala ya ku Bengal ya mu 1943, imene inapha anthu mamiliyoni awiri kapena atatu. Anasonyeza kuti chakudya sichinasowe kotheratu, koma mitengo inakwera kuposa malipiro a anthu aganyu, asodzi ndi amisiri, ndipo iwowa ndi amene anafa. Nkhondo, tsankho la mtundu, ulumali, ndi katangale amene amadya ndalama za mankhwala ndi mabuku, zonsezi zimagwera pa khomo la wosauka poyamba.

Sindikunena kuti khalidwe la munthu lilibe kanthu. Mowa ndi njuga zagwetsa mabanja ambiri, ndipo inu mukudziwa makomo amene ndalama zimathera kumowa ana akugona ndi njala. Koma tisatenge ochepawa n'kuweruza onse. Ofufuza awiri, David Evans ndi Anna Popova, ataunika kafukufuku wambiri wa ku Africa, Asia ndi Latin America, anapeza kuti mabanja amene amalandira ndalama za mtukula pakhomo sawonjezera kugula mowa ndi fodya, ndipo m'malo ambiri amachepetsa. Palinso umboni woti kusowa kumasokoneza kaganizidwe. Mu kafukufuku wa mu 2013, alimi a nzimbe a ku Tamil Nadu ku India anapatsidwa mayeso a nzeru asanakolole, ali pa ngongole, kenako atakolola ndi kulandira ndalama. Anthu omwewo anakhoza bwino atalandira ndalama. Mutu umene ukuwerengera za chakudya cha madzulo ndi wakatapila wobwera mawa sukhala ndi mpata wokonza za chaka chamawa. Zimene timazitcha kusaganiza bwino nthawi zambiri zimabwera chifukwa cha umphawiwo.

Pa ntchito yanu, ndikupempheni kuti mukamayendera banja musamangofunsa kuti limapeza ndalama zingati. Mufunse zimene zachitika m'zaka zisanu zapitazi. Kodi wadwala ndani, wamwalira ndani, anagulitsa chiyani ndipo chifukwa chiyani, ali ndi ngongole kwa ndani, miyezi iti imene chakudya chimatha, ndipo vuto likagwa usiku amagogoda pakhomo pa ndani? Mayankho ake adzakusonyezani kuti mabanja amene onse timawatcha osauka akufuna zinthu zosiyana. Banja limene lili ndi anthu amphamvu koma lilibe poyambira likufunika katundu wopindulitsa wokwanira, osati wochepa mongopereka chithunzi, pamodzi ndi chakudya cha miyezi yoyamba ndi katemera wa ziweto. Banja limene lili ndi bizinesi yoyenda likhoza kupindula ndi banki m'khonde kapena ngongole yobwera pa nthawi yake. Banja limene langotuluka kumene mu umphawi likufunika chitetezo, makamaka chipatala chapafupi chokhala ndi mankhwala ndi malo odalirika osungira ndalama. Ndipo agogo amene akulera ana amasiye, kapena munthu wolumala kwambiri amene alibe womuthandiza, sitingawauze kuti ayambe bizinesi. Amenewa akufunika ndalama zobwera mwezi uliwonse mosadukiza, ndipo mbali ya ntchito yanu ikhale kuonetsetsa kuti mayina awo alembedwa kumene thandizo lotere limaperekedwa.